Musandifunditse Chitenje

Tebulo la makina osokera a Fyness linathyoka mwendo Lolemba m'mawa, pakhonde la sitolo pamene ankasokerapo pa boma la Mwanza. Makina anapendekeka diresi ya mwini wake ili pakati pa msoko. Mayi wogulitsa manachesi pafupi naye ndiye anamulozera kalipentala wa kuseri kwa msika. Anati dzina lake ndi Langton, ntchito amaidziwa, koma pakamwa ndi polemera.

Polemera pake panali pati? Mnyamatayo atangogwada kuyang'ana mwendowo, anafunsa ngati telala amaponda makina kapena amamenyana nawo. Fyness anayankha kuti munthu wovala shati yong'ambika thumba asamanene za ntchito za anzake. Langton anayang'ana thumba lakelo, naseka chamumtima. Iye akukhoma tebulo, Fyness anasoka thumba, ndipo aliyense anachedwetsa ntchito yake dala.

Sabata isanathe mauthenga anali atayamba kuyenda.

"Telala wanga, lero ndakhoma chitseko chozondoka. Mlandu ndi wako."

"Ineyo ndalakwanji, akalipentala?"

"Wakhala m'mutu mwanga tsiku lonse osagogoda n'komwe."

Fyness ankawerenga mauthenga oterewa katatukatatu, phazi litaiwala chopondera. Langton ankamutcha duwa la ku Kanduku, chifukwa ndiko kunali kwawo kwa mtsikanayo. Iye ankamutcha wapamtima. Anthu apakhonde paja anatopa nawo.

Koma zinalipo zina zimene Fyness ankaziona n'kuzilambalala. Maso a Langton ankakhala ofiira ngati a munthu amene sadziwa tulo. Minibasi sankakwera, ngakhale mvula igwe chotani, ankangopalasa njinga. Tsiku lina tayala la thiraki yopita ku Mozambique litaphulika pamsewu, Langton anadzigwetsa pansi. Fyness atamufunsa, anangoti kale anali kondakitala, minibasi yawo inachita ngozi zaka ziwiri zapitazo, basi anasiya. Nkhaniyo anaidula pomwepo, ndipo Fyness sanaikokenso. Ankafuna Langton wanthabwala, winayu ankamuopa pang'ono.

Patatha chaka, amalume a mbali zonse ziwiri anakumana, tsiku la chinkhoswe linakhazikika. Fyness anasankha yekha chitenje, chobiriwira cha maluwa achikasu, ndipo anasoka zovala za onse ndi manja ake.

Lamulungu lina masana atatuluka m'tchalitchi, Langton anamuimitsa panjira. Nkhope yake inali yopanda nthabwala.

"Duwa langa, ndili ndi pempho limodzi. Mwambo uja wofunditsa mwamuna chitenje kumutu kuti abale ako amuzindikire pakati pa anzake, ine usadzandichitikire. China chilichonse ndidzachita. Kuvina ndidzavina, kugwada ndidzagwada. Koma musandifunditse chitenje."

Fyness anaseka, nati kalipentala wamkulu chonchi akuopa nsalu. Langton sanaseke. Anamugwira dzanja molimba, namupempha kuti alonjeze.

"Ndikulonjeza, wapamtima. Palibe amene adzakufunditse nsalu pa chinkhoswe chathu."

Analonjeza mosavuta, ngati mmene telala amalonjezera kuti diresi itha mawa.

Woyendetsa mwambo anali azakhali ake, a Tiyese, mayi amene zinkhoswe za ku Kanduku siziyenda popanda iwo. Fyness atawauza za pempholo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati chinkhoswe chopanda kufundana chikhala chosiyana bwanji ndi msonkhano wa feteleza, ndipo anthu adzati mkamwini ndi wodzimva asanalowe n'komwe m'banja. Manyazi a anyamata, iwo anati, amatha ng'oma ikalira.

Tinene zoona, Fyness sanalimbane nawo. Iye anali atasokera anzake ambirimbiri zovala za chinkhoswe, ndipo nthawi zonse ankadikira mphindi ija imene nsalu imachotsedwa, mwamuna n'kuonekera, anthu n'kuphulika ndi nthungululu. Mphindi imeneyo ankaifuna nayenso. Ndiye m'mawa wa tsikulo anatenga chitenje chotsala, nakachipereka kwa Vera, mchemwali wa Langton.

"Alamu, achimwene anu akakana musawamvere. Ndi manyazi chabe, ine ndakambirana nawo kale."

Vera analandira chitenjecho akumwetulira. Analibe chifukwa chokayikira.

Masana bwalo linadzaza. Fyness ndiye anayamba kutulutsidwa atafunda pamodzi ndi atsikana ena awiri, abale a Langton anamuzindikira, anthu anavina, ndipo anamukhazika pampando. Kenaka nyimbo inasintha. Kuchokera m'nyumba munatuluka amuna atatu ofundidwa zitenje, amayi akuwatsogolera.

Fyness anamudziwa wake ndi nsapato. Anaonanso kuti sakuyenda ngati anzakewo. Miyendo inali youma, amayi awiri akuchita kumukoka. Iye anaganiza kuti ndi manyazi aja, ndipo anaseka.

Nthungululu zitakwera, pansi pa chitenje panatuluka kukuwa kumene Fyness anali asanakumvepo kwa munthu wamoyo.

"Sindinafe! Ndichotseni, sindinafe!"

Langton anang'amba chitenjecho, nakankha aliyense amene anali pafupi. A Tiyese anagwa chagada pafumbi. Iye anaima pakati pa bwalo, thukuta lili kamukamu, maso ali tong'o, koma osaona munthu aliyense. Fyness anamuitana dzina. Langton anamuyang'ana ngati mlendo, kenaka anathawa kudutsa m'munda wa mtedza, nsapato imodzi itatsala pabwalo.

Woimbitsa nyimbo anazimitsa zoimbira zake. Kunangoti zii.

Madzulo asanafike, aliyense anali atapeza kale dzina la nthendayo. Ena ankati ndi chamba. Ena ankati walodzedwa ndi mkazi amene anamusiya ku Zobue. A Tiyese, atamanga nsalu m'chiuno mopweteka, anati misala imayenda m'magazi, ndipo mwana wa mchimwene wawo sangakabereke ana m'banja lotero. Amalume a Fyness anabweza tambala amene abale a mwamuna anabweretsa, nanena kuti nkhani yathera pomwepo.

Fyness analira masiku atatu. Ankalira manyazi, ankaliranso mkwiyo. Tsiku lachinayi foni inalira, unali uthenga wa Langton.

"Ndakuchititsa manyazi, duwa langa. Ndikudziwa kuti iwe unayesetsa kuwaletsa, koma anakukanira. Ndikhululukire, ndipo undiiwale. Ndine munthu wowonongeka."

Uthenga umenewu unamulasa kuposa zonse. Langton ankakhulupirira kuti iye anasunga lonjezo! Fyness analemba yankho, nalifufuta. Analembanso, nafufutanso. Akanena zoona, adzamutaya. Akakhala chete, adzakhalabe duwa losalakwa m'maganizo a Langton, ngakhale ali kutali. Anasankha kukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kunamudya mwezi wathunthu.

Anabwerera pakhonde, koma misoko inkapita mokhota. Shopu ya Langton kuseri kwa msika inali yotseka. Mayi wa manachesi uja anasiya kumufunsa.

Tsiku lina akudula nsalu, anaona mthunzi pa tebulo. Anali Vera. Fyness anamupatsa mpando, koma iye anakana kukhala. Anati Langton ali kwawo ku Nthache, waonda, ndipo masabata awiri oyamba sankatuluka m'nyumba. Anapita naye ku mapemphero, mtima unkatsikako pang'ono, koma maloto oipa sankatha. Pamapeto pake anabwera naye kuchipatala, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kulankhula.

Vera anafotokoza nkhaniyo ataima chomwecho, osakweza mawu. Minibasi ija inagubuduka pakona ina ya msewu wa ku Blantyre. Anthu a m'mudzi wapafupi anathamangirako, natulutsa ovulala, ndipo omwalira anawagoneka mondandalika m'mbali mwa msewu. Amayi anavula zitenje zawo kuti awafunde, monga mwa ulemu. Langton anali atakomoka, magazi ali thupi lonse, ndipo anamuika mumzere womwewo. Anatsitsimuka ali pansi pa chitenje. Ankamva amayi akulira maliro pamwamba pake, koma sankatha kugwedeza chala kapena kutulutsa mawu. Dzanja limene linamugunda m'nthiti linali la Kinsley, dalaivala, mnzake wa kuyambira ku pulayimale, ndipo linali likuzizira. Anakhala choncho mpaka munthu wina anaona nsalu ikugwedera pamphuno pake.

"Zaka zitatu, ngakhale ife a m'nyumba sitinkadziwa," anatero Vera. "Ine ndinamuponyera chitenje chija ndi manja angawa, akundichonderera. Ndinkaseka, alamu, chifukwa inu munati mwakambirana."

Fyness anagwira m'mphepete mwa tebulo. Sizasi inagwa pansi ndipo sanaitole. Anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono ngati Langton akudziwa.

"Sindinamuuze. Mawu amenewo ndi anu, mukawanene nokha. Amabwera kuchipatala Lachinayi lililonse, ndipo wati ngati mukufuna mukhoza kubwera."

Lachinayi Fyness sanatsegule makina. Anapeza Langton atakhala m'kachipinda ka namwino woona za umoyo wa maganizo, mayi Deliwe, munthu wamfupi wolankhula mosathamanga. Langton ataona Fyness anadzuka, kenaka anakhalanso, osadziwa poika manja. Shati imene kale inkamukwana inali ikulendewera.

Mayi Deliwe anayamba afunsa Langton ngati akulola kuti mlendoyo amve za matenda ake. Iye atavomera, anatembenukira kwa Fyness.

"Achemwali, anthu akuuzani zambiri, ndikudziwa. Bambowa si amisala, ndipo sanalodzedwe. Vuto lawo ife timalitcha PTSD. Ndi bala la m'maganizo limene limatsala munthu akadutsa m'zoopsa kwambiri, monga ngozi, kugwiriridwa, kapena kuona anthu akufa. Ambiri amachira okha pakapita nthawi, koma kwa ena ubongo umakhala ngati sunamve kuti zoopsazo zinatha."

Anafotokoza kuti munthu wotere amalota zomwezo mobwerezabwereza, amadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, amasowa tulo, ndipo amapewa chilichonse chomukumbutsa. Nthawi zina fungo, phokoso kapena kukhudzidwa ndi chinthu kumamubwezera pamalo pomwe paja, moti thupi limachita ngati zikuchitika tsopano. Pa bwalo la chinkhoswe, iwo anati, Langton sankaona azakhali kapena mkwatibwi. Anali m'mbali mwa msewu, ndipo nthungululu zinkamveka ngati maliro ake.

Fyness anafunsa ngati zimachizika.

Namwinoyo anati inde, ambiri amapeza bwino, koma si nkhani ya jakisoni mmodzi. Mankhwala aakulu ndi uphungu: kuifotokoza nkhaniyo pang'onopang'ono pamalo otetezeka, sabata ndi sabata, mpaka ubongo utaphunzira kuti ndi zakale. Amaphunziranso kupuma mozama mantha akabwera, ndi kubwerera mwapang'ono ku zinthu zimene amazithawa. Ena amapatsidwanso mapilitsi othandiza kuchepetsa nkhawa. Kupemphera asasiye, koma kuchipatala asadumphe.

"Koma chimodzi mumvetsetse," anawonjezera. "Tsiku lija pamsewu bambowa analibe mphamvu pa thupi lawo lomwe. Ndiye pochira, iwo ndiwo ayenera kunena kuti lero ndifika apa. Kuwakakamiza, ngakhale mwachikondi, kumatsegula bala. Akufunika anthu amene iwo akati ayi, amamva."

Fyness anayang'ana pansi. Mawu amenewo anamupeza pamene anabisala.

Atatuluka, anayenda limodzi mpaka pamtengo pamene Langton anatsamiritsa njinga. Iye anayamba kupepesanso, za azakhali, za manyazi, za tambala wobwezedwa. Anati sakanatha kumuuza zoona poyamba, chifukwa mwamuna amene anawerengedwa pakati pa akufa ndani angamufune. Anati mwa anthu onse a pabwalo paja, ndi Fyness yekha amene anamumvera.

Apa mpata unalipo. Akanangogwedeza mutu, Langton akanakhala wake tsiku lomwelo. Fyness anauona mpatawo bwinobwino, ndipo anaulakalaka.

"Wapamtima, sindinakumvere," anatero. "Azakhali atakana, ine sindinalimbane nawo. Chitenje chija ndinapereka ndine kwa alamu. Ndinawauza kuti ukakana asakumvere, ndi manyazi chabe. Ndinawanamiza kuti tinakambirana."

Langton anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo Fyness akanakonda akanakalipa.

"Iweyo?"

"Ineyo."

"Ndinakugwira dzanja, Fyness. Ndinakupempha chinthu chimodzi."

Fyness anati sankadziwa chifukwa chake, akanadziwa sakanachita. Langton anapukusa mutu.

"Sunafunike kudziwa chifukwa. Ndinati ayi."

Misozi inali mbwembwembwe pa nkhope ya Fyness, chifukwa zinali zoona. Langton anakwera njinga. Fyness anamuthamangira masitepe angapo, akufunsa ngati angabwerenso Lachinayi. Iye sanacheuke. Anangoti benchi la panja pa chipatala ndi la aliyense.

Lachinayi lotsatira Fyness anakhala pa benchilo kuyambira m'mawa. Langton anafika, anamuona, nalowa. Potuluka anadutsa ngati akudutsa mtengo. Sabata inayo zinali chimodzimodzi.

Kunyumba nkhani inafika. Amalume ake anamuitanitsa ku Kanduku, namufunsa ngati wasowa amuna mpaka azikadikirira wamisala pachipatala. Fyness anagwada mwaulemu, nawauza zonse, kuyambira za ngozi mpaka za bodza lake. Anati ngati pali munthu amene anagwetsa azakhali pafumbi, ndi iye. A Tiyese anati zimenezo ndi nkhani za achipatala, iwo sakuzidziwa. Amalume sanamuloleze, komanso sanamuletse. Anangodzuka n'kupita kukaona mbuzi.

Makasitomala ena anatenga nsalu zawo n'kupita kwa telala wina, poti Lachinayi makina ankakhala ovundikira. Fyness anawalola. Masiku ena ali pabenchi paja ankadzifunsa ngati sakungodzivutitsa. Mwina Langton adzachira n'kukwatira wina, mkazi amene sanamuponyepo m'manda ali moyo. Akaganiza zimenezi mtima unkamuwawa, koma sabata ikatha ankapezekanso pomwepo.

Lachinayi lachisanu ndi chimodzi Langton anachedwa kutuluka. Atatuluka, maso anali otupa, koma mapewa anali atatsika. Anaima pakhomo kanthawi, kenaka anabwera n'kukhala kumapeto kwa benchi, pakati pawo patatsala malo a munthu mmodzi.

Onse awiri ankayang'ana amayi amene ankadutsa ndi ana kumsana.

"Lero ndaifotokoza yonse," anatero Langton osamuyang'ana. "Kuyambira pamene tayala la minibasi linaphulika mpaka pamene anandichotsa nsalu. Sindinathawe. Ndatchulanso dzina la Kinsley."

Fyness anafuna kumukumbatira pomwepo, anthu aone kapena asaone. Dzanja lake linanyamuka lokha, n'kufika pakati pa benchi. Pamenepo analiimitsa.

"Ndingakugwire dzanja?" anafunsa.

Langton anatembenuka, namuyang'ana m'maso koyamba chichokere tsiku la pamtengo lija.

"Ayi. Lero ayi."

Fyness anabweza dzanja lake, naliika pamwendo. Sanafunse chifukwa, sanachonderere. Mtima unkamupweteka, koma anakhala phee.

Langton anayang'ana dzanjalo pamene linabwerera. Anapuma mozama, ngati mmene anamuphunzitsira m'kachipinda muja, ndipo sanadzuke.

"Udzafunsenso Lachinayi," anatero.